Chiguduli cha M'kati mwa Malaya

1. A Lawson ayamba kudzikanda

Pa siteji ya kabaza ya pa Khombedza padalibe munthu wosawadziwa a Lawson Chimbalanga. Adali bambo wamtali, wa chifuwa chotakata. Njinga yawo inkanyamula madengu a usipa kuchokera kudoko kupita kumsika, pobwerera n'kutenga anthu.

Adatchuka ndi zinthu ziwiri, miyendo yosatopa ndi mtima wapachala. Minibasi ikangowathira matope, msika wonse unkaleka malonda n'kuyamba kumvera. Chaka chapitacho adamenya mnzawo wa pa siteji polimbirana kasitomala, mpaka munthuyo dzino lidachoka. Nkhaniyo idatha ndi kupepesana, koma mbiri yoipa idatsala.

Mwana wawo adali mmodzi yekha, Mayankho, mtsikana wa Fomu 2. Mayi ake adamwalira iye akadali ku pulayimale, choncho kuphika, kusesa ndi kuchapa zidali m'manja mwake. Bambo akewo ankawakonda kwambiri, ngakhale ankachita nawo manyazi akayamba kukalipa pamsewu.

Lenti ya chaka chimenecho itangoyamba, a Lawson adasintha. Adachoka ku Misa ya Lachitatu la Phulusa ali duu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe adawamvanso akukweza mawu. M'malo mwake adayamba khalidwe lina lachilendo, kudzikanda. Akaima pa siteji, dzanja lili kumsana. Akamapalasa dzuwa la mwezi wa Malichi likuswa mtengo, mapewa ankangogwedezeka ngati munthu amene walowedwa linthumbu.

Tsono anthu akwathu kunyanja kuno ndi madokotala obadwa nawo. Safuna makina, safuna kuyeza magazi. Amangoyang'ana kamodzi basi, nthenda aitchula kale dzina. Amayi ogulitsa tomato adati imeneyo ndi mphere. Pofika kumapeto kwa sabata mudzi wonse udali utavomereza kuti ndi mphere, ndipo ena adalumbira kuti adaiona ndi maso awo, chikhalirecho a Lawson sadavulepo malaya pagulu.

Okwera adayamba kuilambalala njinga yawo. Amene sadaope adali madengu a usipa okha.

2. Phunziro la pansi pa mtengo wa mango

Pa tchalitchi chawo chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, achinyamata ankakonzekera sewero la Njira ya Mtanda. Chaka ndi chaka pa Lachisanu Loyera mpingo wonse unkayenda kuchokera kudoko mpaka kutchalitchi, ukuima malo ndi malo, achinyamata akuonetsa masautso a Ambuye.

Mayankho adasankhidwa kukhala Veronika, mayi uja amadutsa pakati pa asilikali mopanda mantha n'kupukuta nkhope ya Ambuye ndi kansalu koyera. Atsikana onse ankawasirira malo amenewa, koma kwa Mayankho adali oposa sewero. Mayi ake nawonso adali Veronika ali mtsikana, ndipo amayi a mumpingo ankakumbukirabe mmene adalizira anthu tsiku limenelo. Atamva dzina lake likutchulidwa, Mayankho adasowa tulo ndi chimwemwe.

Woyendetsa sewerolo adali Mayi Eveles Kachala, wapampando wa amayi, munthu wachangu ndi wolankhula mosapsatira. Mwana wawo Steven ndiye ankasenza mtanda.

Tsiku lina anyamata ena adafika kokonzekerako atavala matumba a feteleza obowola pakhosi ndi m'manja. Adati akufuna kuyenda kumbuyo kwa mtanda ngati anthu olapa. Ankaseka, akujambulana ndi mafoni, wina atadzipaka phulusa mpaka m'makutu.

A Jailosi, katekisiti wokalamba wa pa tchalitchipo, adawayang'ana nthawi yaitali. Kenako adagogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Ana inu, khalani pansi ndikuuzeni," adatero. "Zimene mwavalazo ndi matumba, si ziguduli. Thumba la feteleza ndi la pulasitiki, limaterera, silingalume munthu. Chiguduli ndi saka yokhakhala ija, yolukidwa ndi ulusi wonga wa khonje, imene timamangira mabelo a thonje ndi fodya. Dzina lomwelo ndi limene mumalimva m'Malembo. Anthu akale chisoni chikawagwira, kaya cha maliro kaya cha machimo awo, ankavula zovala zabwino, kuvala chiguduli, n'kudzithira phulusa kumutu.

"Kumaiko akutali uko nsalu yake inali ina. Ankameta mbuzi za ubweya wokhakhala za dziko lotchedwa Kilikiya, n'kuluka nsalu yolimba ya mahema ndi masaka. Dzina la dzikolo linamatirira pa nsaluyo. N'chifukwa chake ansembe akale amene anatiphunzitsa ife ankachitchula kuti silisi. Ena amangoti malaya a ubweya. Amonke ankavala, masisitere ankavala, ngakhale mafumu ena olemera ankavala.

"Koma tcherani khutu apa. Chovala chimenechi chili ndi malo ake, ndipo malo akewo ndi m'kati, pakati pa khungu ndi malaya, pamene diso la munthu silifika. Ena mwa anthu amenewo anadziwika kuti ankavala silisi tsiku losambitsa mtembo wawo. Inu mukachivala kunja kuti akujambuleni, kulapa kwanu kwathera pa foni pomwepo, kumwamba sikufika. Ndiponso wina asayerekeze kukasoka chake osafunsa ansembe. Thupi ndi la Mulungu, si bulu wa pangolo woti muzingomukwapula. Pa msinkhu wanuwu chiguduli chanu ndi kutunga madzi osanyinyirika, ndi kuleka miseche."

Anyamata aja adavula matumba awo mwamanyazi. Mayankho adamvetsera zonse, koma adaziyesa nkhani za anthu akutali amene adafa kalekale.

3. Kuseri kwa khola la nkhuku

Loweruka m'mawa Mayankho ankasonkhanitsa zochapa. Adadabwa kuona kuti m'kati mwa malaya onse a bambo ake mudali tiulusi tofiirira tokanirira. Adatikutumula, osatiganizira kwambiri.

Atapita kuseri kwa khola la nkhuku kukatenga beseni, adapeza chinthu chitayanikidwa pa waya, pamalo pamene munthu wodutsa panjira sakadachiona. Chidali chiguduli chodulidwa ngati vesiti. Pakhosi padali pobowola, m'mbali mudali mosoka ndi singano ya masaka, kasokedwe kake kokhotakhota, kodziwikiratu kuti ndi ka mwamuna wosazolowera. Adachikhudzitsa pamkono. Chidamuluma ngati chitedze.

Atatembenuka adapeza bambo ake ataima kumbuyo kwake.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

A Lawson adakhala pa njerwa. Kenako adamukodola kuti naye akhale.

"Wachiona, wachiona basi," adatero.

"Ndiye mphere imene anthu akunena ija..."

"Ndilibe mphere ine, mwana wanga. Nthenda yanga ndi yoposa mphere, ndipo iwe ukuidziwa kuposa wina aliyense. Ndi mkwiyo. Ndayesa kuluma lilime, ndayesa kupemphera kolona, koma munthu akandiputa mutu umayaka ndisanaganize. Tsono ichi chimandiluma tsiku lonse. Chikandiluma ndimakumbuka kuti ndine munthu wolapa, ndipo wolapa sakweza dzanja. Dzana kondakitala wina ananditukwana mpaka kutchula mayi anga. Ukudziwa zimene ndinamuyankha? Ndinati zikomo, achimwene. Ine, Lawson!"

Adaseka pang'ono, Mayankho naye adaseka.

"Nanga bwanji osangowauza anthu zoona, Ababa? Okwera akukuthawani."

"Akadziwa ayamba kunditama, ndiye zonsezi zipita pachabe. Kunyozedwa ndingapirire. Kutamidwa ndiye kungandigwetse, chifukwa ine ndimadzidziwa. Ndilonjeze kuti suuza munthu."

"Ndalonjeza, Ababa."

Tsiku limenelo Mayankho adachapa akuimba. Adali asanawanyadirepo bambo ake ngati mmene adawanyadirira m'mawa umenewo.

4. Funso la Mayi Eveles

Lonjezo limapepuka polipereka, kulemera kwake kumadziwika polisenza. Mayankho adazindikira zimenezi sabata yotsatira.

Kusukulu mnzake wokhala naye desiki imodzi adasamukira kumbuyo. Pamjigo atsikana adayamba kutsuka chogwirira iye akangochoka. Zonsezi adazipirira. Chachikulu chidamudikira pansi pa mtengo wa mango uja.

Sewero lidafika pamalo pake. Mayankho adadutsa pakati pa asilikali, kansalu kali m'manja, n'kugwada. Koma atatambasula manja, Steven adabweza mutu, mtanda n'kupendekeka.

"Amayi anena kuti asandikhudze," adatero Steven akuyang'ana pansi.

Mayi Eveles adaimitsa sewero n'kumuitana Mayankho pakati pa onse.

"Mwana wanga, usaganize kuti ndikudana nawe," adayamba motero. "Mayi ako anali mnzanga wa ponda apa m'pondepo, ndipo ndine ndinatchula dzina lako posankha paja. Koma mphere si nthenda yochita nayo masewera. Ikalowa m'nyumba siisankha, imagwira wamkulu ndi mwana yemwe. Ikalowa m'gulu ngati lino, mwezi usanathe mudzi wonse ukudzikanda. Iwe ndiwe umachapa zovala za bambo ako. Tsono manja omwewo agwire kansalu, kansaluko kapite kumaso kwa mnzako? Ana onsewa makolo awo anandisungitsa ine. Akadwala, wofunsidwa ndine."

"Ababa sakudwala, mayi," adayankha Mayankho. Adatambasula mikono yake n'kutanyula zala. "Onani, ndilibe kalikonse."

"Mphere imayamba yabisala, imaoneka mochedwa. Chabwino, iwe ukuti sakudwala. Tiuze tsono, akudzikandiranji usana wonse?"

Ruth, mnzake wapamtima wa Mayankho, adamuyandikira n'kumunong'oneza.

"Iwe, ngati ukudziwa kanthu nena. Usataye malo ako chifukwa cha manyazi."

Liwu limodzi lokha likadakwanira. A Jailosi adali atawaphunzitsa kale tanthauzo lake, aliyense akadamva msanga. Kansalu kakadakhalabe m'manja mwake, ndipo onse omuseka akadagwa nkhope. Liwulo lidafika pamlomo penipeni.

"Sindingathe kunena, mayi."

"Sukudziwa, kapena sungathe?"

"Sindingathe."

Mayi Eveles adapukusa mutu. "Ndiye undikhululukire. Ruth, tenga kansaluko, ukakawiritse m'madzi otentha usanakagwiritse ntchito."

Ruth adabisa manja kumbuyo, misozi ili m'maso. Mayankho adapinda kansaluko bwinobwino, adagwira dzanja la mnzakeyo n'kumufumbatitsa.

"Pogwada uzigwada kumanzere kwa Steven," adamuuza. "Kumanja mtanda umatchinga."

Adachoka osathamanga, mutu uli chilili, mpaka adadutsa minda ya mpunga. Atafika pa mlambe wa panjira, pamene padalibe womuona, adakhala pansi n'kulira mpaka mutu kuwawa. Kenako adasukusula pa ngalande, adapita kunyumba, adaphika, ndipo bambo ake atamufunsa za sewero adati likuyenda bwino.

Alipo akuluakulu amene amati ana a masiku ano sadziwa kusunga mawu. Amenewo sadamuone mtsikana ameneyu tsiku limenelo.

5. A Jailosi akwera njinga

Patapita masiku angapo, chakumadzulo, Mayankho adali pakhomo la khitchini akusankha mpunga. Adamva belu la njinga, ndipo atadzutsa mutu adaona bambo ake atanyamula munthu koyamba pa nthawi yaitali. Adali a Jailosi, ndodo ili pamiyendo.

"Anzanu pa siteji paja amandiletsa," adatero a Jailosi akutsika movutikira. "Ndawauza kuti ine ndakalamba, mphere ikandigwira ipeza khungu latha kale."

Mayankho adawapatsa mpando ndi madzi, adawalonjera atagwada, n'kubwerera ku mpunga wake. Koma khitchini idali pafupi, zonse ankazimva.

"Bambo a Mayankho," adatero mkuluyo, "m'maenje a mumsewu muja ndinagwira msana wanu. Zala zangazi zinamanga mabelo a thonje ndisanakhale katekisiti. Chiguduli sindingachisokoneze ndi vesiti."

A Lawson adaweramitsa mutu.

"Musachite manyazi. Kunena zoona mtima wanga wasangalala. Ndinkayesa kuti anthu olimbana ndi tchimo lawo motere anatha, osadziwa kuti wina akupalasa njinga m'mudzi mwathu momwemuno. Ndaona mmene mwasinthira, ndipo ndikuyamika Mulungu. Koma ndine mkulu, ndiyenera kufunsa. Kodi wansembe wathu, Bambo Mfumu, munawauza musanayambe zimenezi?"

"Ayi, sindinawauze."

"Pamenepo mpamene munaphonya. Akale aja sankadzilamula okha. Ankapita kwa wowatsogolera, iye n'kuwauza kuti uvale masiku akutiakuti, thupi likayamba zilonda uvule. Ankadziwa kuti munthu wodzipatsa yekha chilango saona pamene wapyola malire, ndipo saona amene akuwaponda m'njira. Kulapa kopanda kumvera kumasanduka kunyada kovala nsanza. Tsono ndikufunseni lachiwiri. Mukudziwa kuti mwana wanu anamuchotsa pa malo a Veronika?"

A Lawson adatembenuka mofulumira mpaka mpando udalira.

"Mayankho! N'zoona zimenezi?"

"Ee, Ababa."

"Chifukwa chiyani?"

"Akuti ndingampatsire Steven mphere."

"Ndiye iwe osandiuza?"

Mayankho adaika lichero pansi. "Za chiguduli munati ndisauze munthu. Za Veronika ndinaona kuti ndikakuuzani mukwiya, mukakalipa kutchalitchi, Lenti yanu yonse iwonongeka."

Mitsempha ya m'khosi mwa a Lawson idatupa. Mayankho adaidziwa mitsempha imeneyo, ndipo mantha adamugwira. Koma bambo ake sadadzuke. Adagwira mawondo awo mwamphamvu, akupuma ngati akwera chitunda ndi madengu awiri.

"Mwamva nokha," adatero a Jailosi mofatsa. "Anamufunsa pamaso pa anzake onse, ine ndili pomwepo, ndipo anasankha kutaya malo a mayi ake kusiyana ndi kuswa mawu amene anakupatsani. Akulu anati walira mvula walira matope. N'zoona, koma matopewo aziponda mwini wake amene analira mvula, osati mwana. Chiguduli chimayenera kuluma wochivala yekha. Chikayamba kuluma a m'nyumba, pamenepo pafunika kuganizanso. Ine sindiuza munthu, si nkhani yanga. Zotsalazo mudziwa ndinu."

Mkuluyo adakana kuperekezedwa pa njinga. Adatenga ndodo yake n'kumapita pang'onopang'ono. A Lawson adatsala pampando paja, ndipo chakudya cha madzulo amenewo sadachikhudze.

6. Mphere ionekera poyera

Lachitatu la Sabata Yoyera kudali kukonzekera komaliza. Makolo ambiri adabwera kudzalambula njira ya kudoko ndi kuzika timitanda m'malo oimapo.

A Lawson adabwerako msanga ku siteji. Adatulutsa njinga n'kumuuza Mayankho kuti akwere.

"Tikupita kuti, Ababa?"

"Kutchalitchi."

Mayankho adazindikira. Adagwira chishalo cha njinga ndi manja awiri.

"Ababa, musatero chonde. Ruth akusewera bwino. Chaka chamawa chiliko. Kwatsala masiku ochepa kuti Lenti ithe, mwapirira kale zambiri."

"Kwera, mwana wanga."

Anthu atawaona akufika adasiya makasu. Amayi adakokera ana awo kumbuyo. Steven adatula mtanda n'kukaima pafupi ndi mayi ake. Aliyense adadziwa kuti lero kugwa nkhonya, ndipo ena, tisabise, adasendera pafupi kuti aonere bwino.

A Lawson adaimika njinga, adavula chipewa, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, mayi a Steven. Zikomo nonse. Sindinabwere kudzakangana ndi munthu. Ndamva kuti mwana wanga wachotsedwa chifukwa cha mphere yanga. Ndabwera kuti muione."

Adamasula mabatani limodzilimodzi n'kuvula malaya. Chiguduli chija chidaonekera, chakuda ndi thukuta, chitamatirira pathupi. M'mapewa ndi m'khosi khungu lidali lofiira ndi lonyuka pamene chinkakhula.

"Mphere yanga ndi imeneyi," adatero. "Nonse mukudziwa zimene dzanja ili linachita pa siteji chaka chatha. Ndinavala ichi kuti chizindikumbutsa, ndipo ndinkafuna kuti zikhale pakati pa ine ndi Mulungu basi. Mwanayu anachipeza, ine n'kumumanga pakamwa ndi lonjezo. Ndinalakwa kumusenzetsa katundu wanga. Chiguduli ndinavala ndine, koma amene chamuluma kwambiri ndi uyu."

Mayi Eveles adayandikira, adagwira manja a a Lawson n'kuyang'ana pakati pa zala, pamene mphere imakonda kukhala. Padali poyera. Adawasiya manjawo n'kutembenukira kwa Mayankho.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," adatero. "Ndinamvera za pamsika, ndinakuchititsa manyazi pagulu. Undikhululukire pagulu pomwepano, mwana wa mnzanga."

Ruth sadadikire kuuzidwa. Adathamanga n'kumuponyera Mayankho kansalu kaja m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Apo mpamene mayi wina adayamba nthungululu. Ena adawomba m'manja. Gogo wina adakwawira pafupi, adakhudza m'mphepete mwa chiguduli n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Kumbuyo, mafoni a anyamata adali m'mwamba.

"Tsitsani mafoniwo!" adakuwa a Jailosi akugwedeza ndodo. "Kodi ndinkaphunzitsa mitengo tsiku lija?"

Koma adali atachedwa. Mayankho adayang'ana nkhope ya bambo ake pamene ankavala malaya mofulumira, mabatani akuphonyana. Masabata onse amene anthu ankawaseka sadawaonepo akumva kuwawa ngati mmene adamvera ndi nthungululu imeneyo.

Pobwerera adayenda wapansi, akukankha njinga.

"Ababa, mwataya zonse chifukwa cha ine."

"Ndataya chinsinsi chokha. Mawa ndipita kwa Bambo Mfumu, akandiuze chochita ndi chovalachi. Iwe ukagwade bwino Lachisanu, ngati mayi ako."

7. Alendo a m'mamawa

M'mawa mwake Mayankho adatsegula chitseko, tsache lili m'manja, kuti asese pabwalo. Adaima chilili.

Pabwalopo padakhala anthu amene sadawaonepo. Bambo wina adafumbata nkhuku yomanga miyendo. Amayi awiri adayala zitenje pansi. Wachitatu, wamng'ono ndithu, adanyamula mwana wofunditsidwa bulangeti ngakhale kunja kudali kotentha kale.

"Odi, mwana," adatero mayi wa mwanayo. "Kodi pano ndi pa bambo woyera uja tamuona pa foni? Tachokera kutsidya kwa msewu wa Salima. Mwanayu wadwala kuyambira Lolemba. Sitikufuna zambiri ayi. Angotidulirako kachidutswa ka chovala chija, timumangirire m'khosi."

Mayankho adagwada n'kukhudza chipumi cha mwanayo. Chidali moto, ndipo maso ake adali otembenuka.

"Mayi, chiguduli sichichiritsa. Ndi saka ya thonje chabe. Mwanayu akufunika kuchipatala tsopano lino, ndipo njinga ilipo, Ababa akuperekezani."

"Kuchipatala tipita," adayankha mayiyo akumukumbatira mwana wake, "koma pano sitichoka opanda kachidutswako."

M'kanjira ka kudoko mudatulukira anthu ena, wina akutsogolera nkhalamba yosaona. M'nyumba, kumbuyo kwa Mayankho, mpando udagwa. Adamva mapazi olemera a bambo ake akubwera kuchitseko, ndi mpweya wawo wothamanga.

Mayankho adataya tsache, adabwerera msanga n'kugwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Ababa, musatuluke kaye," adatero. "Ndiyambe ndine kulankhula nawo."